Kuchokera ku mafuta a nsatsi kufika pa grinder: mbiri ya kuwala kwa thabwa kwathu kuno

Ku nyumba ya wailesi kumene timathandizako nchito kuli tebulo la mlombwa limene lili ndi chipsera. Chili pakona, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, choderako, ndipo ukachiyang'ana chapafupi umaona timizere tozungulira ngati pamadzi poponyedwa mwala. Tebulolo tinachita kusonkherana ife eni ake, odzipereka, kuti alendo obwera pa pulogalamu azikhala ndi poika mapepala awo. Mnyamata amene anatipangira anagwira nchito yabwino ndithu, miyendo yake sigwedera mpaka lero. Koma tsiku lomaliza anafuna kutidabwitsa. Anabwereka grinder kwa mnzake wowotcherera zitsulo, anamangirirapo kansalu kaubweya, amvekere vanishi iwale ngati galasi. Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Vanishi inafewa, inakulungika ngati chingamu, kenaka inapsa. Anatichotserako pa mtengo, ife tinavomera, ndipo kuyambira tsikulo pachipserapo pamakhala kamtsuko ka maluwa apulasitiki.

Takumbukira tebuloli chifukwa cha funso limene labwera kangapo pa foni ya pulogalamu ya achinyamata. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera lililonse la phungu, anyamata ndi atsikana a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi akhala akupita kukaphunzira ukalipentala, ena alandirako kandalama koyambira shopu. Akagula macheka, puleni ndi drill, maso amatembenukira ku makina owalitsira. Amafunsa kuti agule ati. Ife sindife akalipentala, ndife anthu a maikolofoni, koma nchito yathu ndi kufunsa, ndipo tafunsa achikulire ndi achinyamata omwe. Tapeza kuti funsoli silingayankhidwe bwino popanda kubwerera m'mbuyo, chifukwa mawu akuti kuwala sanatanthauze chinthu chimodzimodzi nthawi zonse kuno kwathu.

Agogo athu sankadziwa vanishi, komabe zinthu zawo zinkawala. Inu amene munakulira m'tauni, mukadzapitanso kumudzi patchuthi, mukagwire munsi wakale wa agogo anu pamene pamagwira manja, kapena mpini wa khasu limene lalima zaka khumi. Mudzaona kuti pamenepo mpoderako, mposalala kuti see, ndipo pamanyezimira pang'ono mukapatembenuzira kudzuwa. Palibe anapakapo kanthu kogula. Mmisiri ankasema ndi kasemasema, napala ndi mpeni, kenaka ankakwecha ndi mchenga kapena ndi masamba okhakhala a mtundu wina wa mkuyu, amene amadya mtengo ngati sandipepa weniweni. Mabotolo atafika, chidutswa cha botolo losweka chinakhala chopalira chabwino kwambiri, ndipo mpaka lero mudzapeza mdala atakhala pansi pa mango akupala mpini ndi galasi, timapalo tikugwa topyapyala ngati tsitsi. Akatha ankapaka mafuta a nsatsi kapena a nshawa, mwina phula la njuchi. Zipande, mithiko ndi mipando ankazilemba ndi chitsulo chamoto kuti zikhale ndi mizere yakuda. Zotsalazo ankazisiyira utsi wa m'khitchini, thukuta la m'manja ndi zaka. Za ku dambwe sitinenapo pano, eni ake alipo.

Kuwala kumeneko kunali mkati mwa mtengo. Mafuta ankalowa, mtengo nkuuma nawo limodzi. Ukakanda mpando woterewu, sipasupuka kanthu, umangopakanso mafuta basi. Muigwire mfundo imeneyi, chifukwa ndi imene imasiyanitsa mpando wa agogo ndi tebulo lathu la ku wailesi.

Ankadziwanso mitengo. Mlombwa, umene m'tauni mumautcha mukwa, ukaudula umatulutsa utomoni wofiira ngati magazi, sudyedwa msanga ndi chiswe kapena kufumbwa, ndipo suchita kupindika kwambiri pouma. M'bawa unali wa m'mphepete mwa mitsinje, wofiirira, wosavuta kupala. Phingo, wakuda ndi wolemera, amawala yekha ukangomukwecha bwino, chifukwa ali ndi mafuta ake. Mmisiri wakale akafuna chinthu chowala, nkhani inkayambira kuthengo posankha mtengo.

Thabwa lenileni, lochekedwa ndi macheka nkupalidwa kuti likhale lathyathyathya, linafala ndi amishoni ndi aboma. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, azungu anamanga Fort Jameson, amene lero ndi Chipata. Mu 1899 amishoni a Dutch Reformed, ochokera ku South Africa, anatsegula Magwero, kenaka Madzimoyo, ndipo mu 1905 anafika ku Nyanje, kumene lero kuli m'boma la Sinda. Ansembe a White Fathers anali atakhazikika ku Kachebere, pamalire penipeni, kuyambira 1903. Mishoni iliyonse inkafuna zitseko, mafelemu a mawindo, mabenchi a m'tchalitchi, mabolodi ndi madesiki. Kubweretsa zonsezi kuchokera kunyanja kunali kodula, choncho anaphunzitsa anthu akuno. Amuna awiri ankacheka chipika pa dzenje, mmodzi pamwamba, mnzake pansi utuchi ukumugwera m'maso, ndipo njira imeneyi sinathe m'midzi yathu. Ku Livingstonia, sukulu ya Overtoun imene inatsegulidwa mu 1894 inkatulutsa akalipentala amene anayenda mpaka kuno ndi ku migodi. Mu 1924 nthumwi za Phelps-Stokes zinayendera Northern Rhodesia nkulimbikitsa kuti mwana wa munthu wakuda aziphunzira nchito zamanja koposa za m'mabuku. Maganizo awo pa ife sanali aulemu kwenikweni, koma puleni imene anatisiyira tinaigwira ndi manja awiri. Pamene chipatala cha St Francis chinkayamba ku Katete mu 1948, ukalipentala unali kale nchito imene bambo ankanyadira kuti mwana wake waidziwa.

Azungu anabwera ndi thabwa, anabweranso ndi diso lawo la kuwala. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, m'nyumba za olemera munali mapiyano ndi matebulo owala ngati madzi a pachitsime. Ankapaka shellac, utomoni umene tizilombo tina ta ku India ndi ku Thailand timasiya pa nthambi za mitengo. Ankausungunula mu spiriti, nkuupaka ndi kansalu kokulungiramo thonje, pang'onopang'ono, mobwereza kambirimbiri, masiku angapo, mpaka nkhope ioneke. Njirayo amaitcha French polish, ndipo munalibe makina m'menemo, unali mkono wa munthu wosauka. Kuno nako mkono unali wa munthu wosauka. Amene ankagwira ukhuki ndi uboyi m'nyumba za azungu ku Fort Jameson, ku mafamu a fodya ndi ku Salisbury ndiwo anayamba kudziwa fungo la polishi wa m'chitini. Ankagwada kupaka simenti ndi matabwa a pansi, kupukuta matebulo ndi zogwirira za zitseko, dona nkubwera kudzayendetsa chala kuti aone ngati patsala fumbi.

Msonkho wa nyumba ndi kulandidwa kwa malo zinathamangitsa amuna ambiri a chigawo chino kupita ku Southern Rhodesia, ku Joni ndi ku Copperbelt. Amene sanachone anabwerako ndi njinga, sutikesi, mpando wopinda, komanso mtima wakuti nyumba ya munthu wochangamuka iyenera kuwala. Kuchokera pamenepo polishi analowa m'nyumba zathu ndipo sanatulukemo. Ambiri a ife tinakula tikudzutsidwa Loweruka m'mawa kuti tipake Cobra kapena Sunbeam pakhonde, kudikira kuti aume, kenaka kuponda bulashi ndi phazi limodzi uku tikuvina nayo mpaka mayi anene kuti basi. Kabati ya magalasi yosungiramo makapu osamwera inkapukutidwa tsiku lomwelo. Tikanena zoona, makina oyamba owalitsira kuno kwathu anali ana. Osema ziboliboli zogulitsa kwa alendo nawo anatulukira nzeru yawo: polishi wa nsapato wa Kiwi, amene anayamba kupangidwa ku Australia mu 1906, amadetsa mtengo woyera nkuupatsa kuwala ukaukwecha ndi bulashi. Mlendo wosadziwa amapita kwawo akuganiza kuti wagula phingo.

Pamene ife tinkalimbana ndi bulashi, kunja mankhwala opaka anali kusintha. M'zaka za m'ma 1920 kampani ya DuPont ku America inatulutsa lacquer wouma msanga wotchedwa Duco, wochita kupopera, amene anafupikitsa nthawi yopenta motoka kuchoka pa masabata kufika pa maola. Mu 1937 Otto Bayer ndi anzake ku Germany anatulukira polyurethane, amene pambuyo pake analowa m'mavanishi ambiri amene timagula lero. Zinthu zimenezi sizilowa mumtengo ngati mafuta a nsatsi. Zimakhala pamwamba, kakhungu kopyapyala ngati pepala ngakhale mutapaka katatu. Kuwala kumene timakukonda masiku ano ndi kwa kakhungu kameneka, osati kwa mtengo. Ndipo kakhunguka ndi mbale wake wa pulasitiki: kakatenthedwa kamafewa.

Zaka za m'ma 1990 zinasintha shopu ya kalipentala m'njira ziwiri, ina yowawa kuikumbukira. Matenda a Edzi anachulukitsa maliro, ndipo m'mphepete mwa Great East Road, monga m'matauni ena onse, akalipentala ambiri anasiya mipando nkuyamba mabokosi. Bokosi silidikira. Anamfedwa amafika m'mawa, madzulo afuna kunyamula. Mmisiri amene anaphunzira kumishoni kudikira vanishi masiku anayenera kuphunzira zopaka zouma pa ola limodzi, ndipo chinthu chimene chikakwiriridwe mawa palibe amafunsa ngati kuwala kwake kudzakhalitsa. Mdala wina wa ku Katete, amene tsopano maso akumuvuta, anatiuza kuti anyamata amene anaphunzira nchito m'zaka zimenezo anaphunzira kuthamanga, ndipo iwowo ndiwo aphunzitsi a lero. Sanawanyoze, anati nthawi ndiyo inali yotero.

Njira yachiwiri inali msika. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991 linatsegula malire a malonda, ndipo masitolo a ku South Africa anayamba kufika, kenaka katundu wa ku China ndi ku Dubai. Kunabwera makabati ndi matebulo a utuchi wopanikiza, okutidwa ndi pulasitiki yowala kuti mbee. Akanyowa amatupa ngati buledi, koma m'sitolo amakopa maso. Kasitomala anayamba kufika pa shopu ya kalipentala wa ku Kalingalinga kapena wa pa Katete Stores ali ndi chithunzi m'manja, masiku ano pa foni, akufuna mlombwa weniweni koma wowala ngati wa m'sitolo uja. Amene anali ndi ndalama anagula kompuresa ndi mfuti yopopera. Amene analibe anayang'ana kwa neba.

Neba ameneyo anali wowotcherera zitsulo. Apa ndi pamene ife tikuona kuti panakhota nkhani. Grinder yogwira m'manja, imene kampani ya ku Germany ya Ackermann + Schmitt, eni dzina la Flex, inatulutsa mu 1954, inapangidwira kudula ndi kupala chitsulo ndi mwala. Malaiti atafalikira m'misika yathu, oyamba kugula makina anali opanga mageti, mafelemu a zitseko ndi zotchingira mbava. Sinda ndi Vubwi atakhala maboma paokha mu 2012, Sinda kuchoka ku Katete ndi Petauke, Vubwi kuchoka ku Chadiza, kunabwera maofesi ndi nyumba za antchito aboma, ndipo phokoso la grinder linamveka ngakhale kumene kale kunkamveka nyundo yokha. Shopu ya zitsulo ndi ya matabwa nthawi zambiri zimagundana khoma, zimagawana waya umodzi wa malaiti. Kalipentala anaona chinthu chozungulira, naganiza kuti chilichonse chozungulira chingawalitse. Makina owalitsira enieni sanawaonepo, kupatula mwina kwa okonza motoka ku Chipata. Choncho mbadwo wonse unaphunzira kuwalitsa thabwa ndi chida cha chitsulo.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, masamu ake ngosavuta. Grinder yaing'ono ya mbale ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi. Pa liwiro limenelo, m'mphepete mwa mbaleyo mumathamanga makilomita oposa 200 pa ola, kuposa basi iliyonse imene inadutsapo pa Sinda. Makina owalitsira enieni, amene m'masitolo amalembedwa kuti polisher, maonekedwe ake ngofanana ndi grinder, koma amayambira pa maulendo pafupifupi 600 nkulekezera cha m'ma 3,000, ndipo ali ndi kagudumu kosinthira liwiro. Pa vanishi amisiri amayenda cha kumunsi, pafupi ndi 1,000, mwina kupitirirako pang'ono. Kukhuzana kumabala moto, izi anazidziwa ngakhale makolo amene ankapeka moto ndi timitengo. Chitsulo cha motoka chimamwaza kutentha, koma thabwa silimwaza, kutentha konse kumaunjikana pa kakhungu kaja. Ndicho chinachitikira tebulo lathu. Palinso ngozi ina yoposa kupsereza tebulo. Mbale yaikulu ya polisher, ya mamilimita 180, imakwana bwinobwino pa grinder chifukwa zonse zimamangira pa mazinga ofanana a M14. Kukwana sikutanthauza kuloledwa. Mbale iliyonse imalembedwa liwiro limene siyenera kupitirira, ndipo ikapitirira ingathe kuthetheka nkuulukira kumaso.

Tsono mnyamata kapena mtsikana amene ali ndi kandalama m'manja agule chiyani? Achikulire amene tinacheza nawo sanayambe ndi kutchula makina. Anayamba ndi kufunsa kuti munthuyo amapaka chiyani. Ngati mumapanga mipando ya pakhonde, mabedi ndi zitseko zopaka mafuta kapena phula, bulashi ya nsapato ndi chiguduli choyera zikukwanirani, ndalamazo mugulire matabwa. Ngati mumapaka vanishi ndi bulashi, kawiri, mawa lake kasitomala nkunyamula, polisher sikuthandizani, chifukwa vanishi yotero sinakhwime. Kuuma ndi kukhwima nzosiyana. Vanishi ya mafuta imauma pamwamba tsiku limodzi, koma kuti ilimbe mpaka mkati imafuna masabata, nthawi zina mwezi wathunthu, ndipo lacquer wopopera naye amafuna kumupatsa masiku ake. Mukathamangira kuikapo makina, mumangoikoka ngati phala. Funso loyamba si la makina, ndi lakuti kodi muli ndi malo osungira tebulo la kasitomala masabata atatu, opanda fumbi, ndiponso kodi kasitomalayo alipira kudikirako.

Pamene tinadabwa kwambiri mpakuti amisiri amene nchito yawo imaoneka bwino sanaloze polisher. Analoza sander yozungulira mozembazemba, imene pabokosi pamalembedwa kuti random orbital, ya mbale ya mamilimita 125. Imazungulira uku ikunjenjemera, motero mchenga wa sandipepa sudutsa njira imodzi kawiri, ndipo sisiya timizere tozungulira tija. Kuwala kumayambira pansi pa vanishi. Thabwa likadutsa pa sandipepa wa 80, kenaka 120, 180 mpaka 220 popanda kulumpha, mabowo ang'onoang'ono a mlombwa akatsekedwa ndi sealer, ndipo pakati pa kupaka kulikonse pakadutsa 320 mopepuka, vanishi imagona yokha mosalala. Thabwa likakhala ndi mabala a puleni, palibe makina amene angawabise, kuwala kumangowaonetsa poyera. Sander yomweyo, mukaiveka kasiponji m'malo mwa sandipepa, imatha kukwecha phula ndi kuwalitsa pang'ono popanda kupsereza. Kwa munthu amene akuyamba, chida chimodzi chogwira nchito ziwiri nchanzeru kuposa chida chodula chimene chidzagwira kamodzi pamwezi.

Alipo amene afika pa nchito ya matebulo a m'maofesi, makauntala a m'malo ogona alendo, maguwa a m'matchalitchi, kumene kasitomala afuna galasi lenileni ndipo alipira. Amenewo angaganize za polisher. Ilipo ya mitundu iwiri. Yozungulira chabe, imene tafotokoza ija, ndi yamphamvu ndi yachangu, koma sikhululuka: mukaima malo amodzi kapena mukaipendeketsa pakona, pamene vanishi imakhala yopyapyala kwambiri, yadya kale mpaka pathabwa. Ina imatchedwa dual action, imayenda mozembazemba ngati sander ija, imachedwerapo koma kupsereza nayo nkovuta. Ife tikanakhala ogula koyamba tikanatenga yachiwiriyi, ngakhale okonza motoka angatiseke. Mulimonsemo, vanishi iyenera kukhala yochindikala mokwanira, iyambe yasalazidwa ndi sandipepa wa madzi, kuyambira 600 kapena 800 kukwera mpaka 1,500 kapena 2,000, kenaka mpamene pamabwera mankhwala okwechera ndi makina. Chaubweya chimadya msanga, chasiponji chimadya pang'ono. M'makona mumamaliza ndi dzanja. Ndipo muyambe mwayesa pa kachidutswa, osati pa tebulo la anthu a wailesi.

M'sitolo, kaya ku Chipata kaya ku Kamwala, mudzapeza maina ambiri, Makita, Bosch, Ingco, Total ndi ena, mitengo yake yotalikirana ngati Katete ndi Lusaka. Sititchula loti mugule, sitinalipidwe ndi aliyense. Koma musanapereke ndalama, mupemphe kuti ayatse, mutembenuze kagudumu ka liwiro mpaka pansi, mumve ngati ikuyendadi pang'onopang'ono. Ngati ilibe kagudumu kameneko, imeneyo ndi grinder, kaya wogulitsa aitche dzina lanji. Mufunsenso ngati makaboni ake ndi masiponji ake amapezeka m'sitolo momwemo. Makaboni amatha, ndipo makina a ndalama zambiri angathe kugona miyezi chifukwa cha kanthu kochepa ngati chala cha mwana. Kwa mnzathu wa ku Vubwi nkhaniyi njaikulu kuposa kwa wa ku Katete amene amangokwera basi pa tala. Iye ulendo wokafuna kaboni umamudyera tsiku ndi ndalama ya thiransipoti.

Kenaka pali malaiti, amene aliyense wa ife ali nawo ndi nkhani yake. Mu 2015 tinalawa, koma 2024 inatiphunzitsa. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo miyezi ina malaiti ankabwera maola atatu okha patsiku, kawirikawiri usiku anthu ali mtulo. Ife ku wailesi tinkawerengera mafuta a jenereta ngati mankhwala. Akalipentala ankagona m'mashopu kudikira kuti babu iyake. Polisher yaikulu imafuna mawati 1,200 kapena kuposa, ndipo kajenereta kakang'ono kamene ambiri amakwanitsa sikafika ngakhale 1,000. Sander ija imadya mawati pafupifupi 300, imayenda pa kajenereta kotero, ngakhale pa sola yokhala ndi inverter yabwino. Chaka chimenecho amene anapitiriza kugulitsa anali amene manja awo sanaiwale puleni, chopalira ndi chiguduli. Zamabatire ziliko, koma batire likafa mtengo wake umatsala pang'ono kufanana ndi wa makina.

Tisaiwale chifuwa. Fumbi la mlombwa limayabwa m'mphuno ndipo ena limawayambitsa chifuwa, thinners naye amazunguza mutu m'kachipinda kotseka. Kansalu kopyapyala kokulunga pakamwa sikatchinga kanthu. Ziguduli zonyowa ndi mafuta a linseed musaziunjike pakona pamodzi ndi utuchi, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Muziyanike panja chimodzichimodzi.

Chimene chimatipweteka pa tebulo lathu si ndalama zimene tinasonkha. Ndi mtengo umene unagwa kuti tebulolo likhalepo. Mlombwa umakula mochedwa modabwitsa. Kamtengo kake kakamera, kamauma pamwamba chilimwe chilichonse nkuphukanso ndi mvula, zaka zingapo, kakumanga mizu pansi, kenaka mpamene kamayamba kukwera. Thabwa lotambalala ngati la tebulo lathu linachokera mumtengo umene unaona agogo athu ali ana. Tonse tikukumbukira malole a mukula, m'bale wake wa mlombwa, akutuluka m'dziko kupita ku China, ndi ziletso zimene zinkabwera nkuchoka. Mu 2019 mukula unaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, umene umafuna chilolezo chapadera pogulitsa kunja. Mu November 2022, pa msonkhano wa ku Panama, anawonjezerapo abale ake onse a mu Africa, mlombwa ulimo, pamodzi ndi m'bawa ndi mupapa, ndipo lamulolo linayamba kugwira nchito mu February 2023. Pangano limenelo ndi la malonda a pakati pa maiko, silikhudza mwachindunji kalipentala wa pa Sinda amene amagula thabwa kwa ocheka a m'mudzi, iyeyo amayang'anizana ndi a Forestry ndi lamulo la nkhalango la 2015. Koma aliyense wogula matabwa akudziwa kuti otambalala akusowa, ndipo ocheka akupita kutali chaka ndi chaka. Mashopu ambiri tsopano adzaza paini wa ku Copperbelt ndi bulugamu. Paini ndi wofewa, chikhadabo chimalowa, ndipo vanishi yowala kwambiri pa thabwa lofewa imaonetsa bala lililonse. Pa paini, kuwala kofatsa kwa vanishi ya satin kapena phula kumakhalitsa kukongola kuposa galasi.

Chaka chatha pa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa August, tinaima pamene amagulitsa zosema. Panali mipando yamitundu iwiri pamphasa imodzi, ina yopakidwa vanishi yochindikala yonyezimira padzuwa, ina yongokwechedwa nkupakidwa mafuta. Achinyamata ochokera ku Lusaka ankajambula yonyezimirayo. Amayi ena achikulire ochokera ku Mozambique anatola wamafuta, anautembenuza, anaununkhiza, anaugogoda ndi chala, nkuyamba kunenerera mtengo.

Tebulo lathu tagwirizana kuti likonzedwe mwezi wa June, mvula itatheratu, chifukwa chinyezi chimayeretsa zopaka ngati nkhungu. Mnyamata uja wavomera kudzalitenga. Tsopano ali ndi shopu yakeyake ndi ophunzira awiri, ndipo anagula sander, grinder anabweza kwa mwini wake. Wati adzapala pamwamba ponse mpaka pathabwa, chifukwa chigamba pa vanishi chimaoneka, adzapaka kanayi, ndipo tisamufunse za tebulolo mpaka July atatha. Pakadali pano tikufunafuna poika mapepala a alendo, ndipo amene ali ndi katebulo kosagwiritsa nchito atibwereke, kaya nkapulasitiki.